Chitsime Chigone Kaye

Pa boma la Mchinji, aliyense amene anamangapo nyumba, ngakhale khola la mbuzi lokhala ndi chitseko, amawadziwa a Saidu a shopu ya zitsulo. Kwa zaka makumi atatu anagulitsa misomali, malata, simenti ndi maloko, ndipo m'zaka zonsezo palibe amene anabwerera kudzadandaula kuti kilo yawo inali yoperewera. Izi sindikunena mwachibwana. Kuno kumalire, kumene sikelo za ogula soya zimayamba zadya kaye zisanawerenge, munthu wotere ndi wosowa.

Koma munthu akakula, mtima umayamba kufunsa mafunso. Kodi ndidzafa ndikuwerenga misomali? Funsoli linali litawavuta a Saidu kwa nthawi pamene kunabwera mnzawo wa ku Chipata, a Limbani, atanyamula dothi lakuda lonyezimira m'pepala la shuga. Anati dzina lake ndi gilafaiti, lomwe lija lili m'kati mwa pensulo, ndipo masiku ano opanga mabatire kunja akulifuna ngati mchere. Anati dothilo lagona pansi pa minda ya mudzi wa Mtenthe, kupitirira pang'ono ku Guilleme.

Anagwirizana kuti a Limbani adzabweretsa chikatapila chokumbira, a Saidu alipire mapepala, malo ndi zoyezayeza. A Saidu anagulitsa shopu yawo yachiwiri ya pa Kamwendo, anagulitsanso puloti imene ankasungira ana awo. Anatsala ndi shopu ya pa boma ndi kalole kakale kamene kankalira ngati chigayo. Thukuta la moyo wawo wonse linali litalowa m'dzenje limene linali lisanakumbidwe n'komwe.

M'mapepala a boma munali mfundo imodzi yosapindika. Mgodi sunkayenera kufika pamadzi apansi. Dzenje linkayenera kulekera mamita awiri pamwamba pa madziwo, kuti zitsime za anthu zisaphwe ndiponso mafuta a makina asalowemo. Ndiye nkhani yonse inagona pa funso limodzi: kodi madziwo ali patali bwanji? Katswiri wina wochokera ku Lilongwe anabwera, anaponya tepi yake m'chitsime cha m'mudzimo, n'kulemba kuti madzi ali pa mamita 13. Kuchotsapo awiri, kunatsala 11. Dothi lakuda lija linkayambira pa mamita 8. Choncho panali mamita atatu a chuma, ndipo a Saidu ankawawerengera pa zala akakhala okha m'shopu. Chotsala chinali chimodzi: mkulu wa boma abwere Lachinayi, adzayeze yekha, alembe malire a kuya kwa mgodiwo m'chikalata.

Loweruka m'mawa, kutatsala masiku asanu, m'shopumo munalowa mayi wamfupi, kolona ili m'khosi, fumbi la kabaza lili mbuu m'mapazi. A Saidu anawazindikira. Anali mayi Benedicta, wapampando wa komiti ya chitsime kwa Mtenthe, akazi awo a Lovemore amene anali atalonjezedwa kale ntchito ya ulonda pamgodipo.

"Ndikufuna loko, bambo," anatero mayiwo atapereka moni. "Koma osati zija zothyoka ndi mwala."

"Mukutseka nkhokwe, mayi?"

"Ndikutseka chitsime. Ndiye ndati ndidzagule kwa inu, kuti nkhaniyi muimve kwa ine mwiniwake, osati kumphepo."

A Saidu anawapatsa mpando. Mayi Benedicta anakhala kumphepete kwa mpandowo, manja pamaondo, n'kuyamba kufotokoza.

"Tsiku lija kunabwera bambo a ku Lilongwe aja, ife tinangomva kuti kukubwera mlendo kudzaona chitsime. Tinkayesa ndi zaukhondo. Paja chaka chatha alendo ena anapezamo chule, tinachita manyazi mudzi wonse. Ndiye ine, ndi mutu wangawu, ndinamema amayi. Dzulo lake tinakapa chitsime chonse mpaka matope, tinakwecha njerwa, tinalambula. M'mawa mwake tinatunganso ophikira alendo, ndi ena owaza pabwalo kuti fumbi lisawatsamwitse. Pamene bambo aja ankaponya chingwe chawo masana, m'chitsime munali timadzi tongolowa kumene."

A Saidu anangoti kukamwa yasa. "Nanga bwanji simunanene tsiku lomwelo?"

"Anatifunsa? Anafika, anaponya, analemba, anamwa thobwa, anakwera galimoto. Ife tinaima poteropo kudikira kuti atiyamikire ukhondo. Tanthauzo la nambala ija ndalimva Lamulungu lapitali, bambo akunyumba akufotokozera anzawo. Kuchokera pamenepo chakudya sichikundilowa."

"Ndiye madziwo ali pati kwenikweni?"

"Sindikudziwa, bambo. Palibe akudziwa. Chitsime chija sichipuma. Mabanja 60 amatungapo kuyambira m'bandakucha, ndipo mwezi uno chimadzaza pang'onopang'ono. Ndapempha amayi kuti chigone masiku awiri, kuyambira Lachiwiri masana mpaka Lachinayi 12 koloko. Tizikatunga kumjigo wa kusukulu. Mkulu wa boma uja adzapeze madzi ali pamalo pake."

Mjigo umene ankanenawo unali ulendo wa ola lathunthu, ndipo unali mwezi wa Okotobala, dzuwa likuswa mtengo. A Saidu anakwiya, ndipo sanabise.

"Mayi, mukudziwa zimene ndaikamo m'nkhani imeneyi? Mukudziwa kuti nambala ikasintha, anthu 40 a m'mudzi mwanu ntchito yathera pomwepo? Amuna anu omwe!"

"Akudziwa. Sakundilankhula kuyambira Lamulungu," anayankha mayiwo osakweza mawu. "Koma ife timalima kudimba, bambo. Mnzako akakumba chitsime chozama pafupi ndi chako, chako chimauma, madzi amathawira kwa iye. Nanga dzenje la chikatapila? Malipiro a ulonda sitingamwe." Kenaka analoza sikelo imene inali pakauntala. "Ine ndagula misomali muno kangapo. Musanaikepo kanthu mumayamba mwatembenuza sikeloyo kuti wogula aone muvi uli pa ziro. Ine ndikungofuna chomwecho. Ndinalakwitsa ndine, ndiye ndikonze ndine."

Ndi mayi angati amene angakwere kabaza ulendo wonsewo kudzauza mwini chuma pamaso kuti ndikukutsekera chuma chako, n'kugulanso loko kwa iye yemweyo? A Saidu anayang'ana sikelo, anayang'ana mayiwo. Anatembenuka, anatsitsa loko pashelefu yapamwamba, pamene amaika katundu weniweni, ndipo anawaonetsa mmene makiyi ake amalowera. Mayiwo analipira, anatsanzika mwaulemu, n'kutuluka.

Atangotuluka, a Saidu anaimbira foni a Limbani. Kuchokera ku Chipata kunabwera phwete.

"Ba Saidu, mwayopa azimayi na ndowa? Siyani chabe. Na zuba iyi, tsiku imodzi sizasila, bazaphwanya loko beka. Manje imwe gonani." M'Chinyanja chawo cha ku Zambia, ankatanthauza kuti ndi dzuwa limeneli, tsiku silitha amayiwo asanathyole okha loko.

Koma a Saidu sanagone bwino masiku amenewo. Lachitatu anafunsa wakabaza wina wa ku Guilleme ngati chitsime cha kwa Mtenthe chatsegulidwa. Wakabazayo anapukusa mutu. Anati amayi akuyenda mnzere kupita kumjigo ngati akupita kumaliro, akudandaula, ena akutukwana chamumtima, koma loko palibe waikhudza.

Lachinayi m'mawa, a Saidu akutsegula shopu, foni inalira. Anali a Chipiliro, mkulu wa boma amene ankayenera kukayeza madzi uja. Anapepesa kwambiri. Anati galimoto ya ku ofesi yafa, ili kugaraja, choncho lero sizitheka. Adzadutsa kwa Mtenthe Lolemba masana pochokera kuntchito ina.

Tinene zoona, a Saidu anasangalala. Mtima umene unali m'mwamba sabata yonse unakhala pansi. A Limbani atamva anakuwa pafoni kuti Mulungu sagona. A Saidu anaganiza zokauza mayi Benedicta okha pamaso, poti nawonso mayiwo anachita kubwera okha. Analiza kalole kawo n'kunyamuka.

Atadutsa ku Guilleme n'kukhotera kanjira ka kwa Mtenthe, anayamba kukumana nawo. Amayi anali mnzere m'mbali mwa msewu, ndowa pamutu, madzi akutayikira m'makosi, ana kumbuyo. Wina anali ndi pakati pooneka. Wina anali wachikulire moti ankanyamula kachigubu kakang'ono n'kumapuma pamthunzi uliwonse. Chimanga chinali chitakololedwa kalekale, minda ili gwa, fumbi la lole likuwakuta onsewo. A Saidu anachepetsa liwiro mpaka kumangokwawa, manyazi atawagwira chifukwa cha fumbilo.

Kutsogolo kwa mnzerewo kunali bambo akukankha njinga, zigubu zinayi zitamangidwa ndi mphira. Anali a Lovemore. A Saidu anaima n'kutulutsa mutu pawindo.

"A Lovemore, inunso muli momwemu? Ndimayesa simukugwirizana nazo."

"Sindikugwirizana nazo, abwana," anatero a Lovemore akupukuta thukuta ndi chipewa. "Mpaka pano sitikulankhulana. Koma zigubu izi ndi za agogo atatu amene sangayende. Anawalonjeza ndi akazi anga kuti sagona ndi ludzu. Nanga ine ndikanatani, achite manyazi mkazi wanga ndili moyo?"

A Saidu anapeza mayi Benedicta atakhala pasimenti ya chitsime, pambali pa chivundikiro chachitsulo, makiyi atamangirira pamodzi ndi kolona. Milomo yawo inali itauma. Kumbali, pansi pa mtengo wa mango, ndowa zopanda kanthu zinali zitayamba kale kundandalikidwa, kudikira 12 koloko. Atawauza za foni ija, mayiwo anagwetsa maso pansi.

"Lolemba," anabwereza motsitsa.

"Mungathe kuwonjezera masiku," anatero a Saidu, ngakhale ankadziwa yankho lake.

"Ayi, bambo. Mwawaona mumsewumo. Ndinawapempha masiku awiri, andipatsa masiku awiri. Ndinati 12 koloko nditsegula, ndiye nditsegula. Kachiwiri sindingawapemphe, ndipo sangandimvere." Anapumira m'mwamba. "Lolemba masana chitsime chidzakhala chatungidwa kuyambira m'bandakucha, pamwamba pa zochapa zonse zimene zaunjikana m'nyumbamu. Mkuluyo adzapeza nambala yanu ija, kapena pafupi ndi pomwepo. Pitani bwino, bambo. Ine ndayesetsa pamene ndikanathera."

Sanalire, sanatukwane, sanawapemphe kanthu. Anangotembenuka n'kuyamba kuchotsa masamba amene anagwera pachivundikiro.

A Saidu anabwerera m'lole n'kukhala osaliza injini. Wotchi inali kunena kuti 10 koloko sinakwane. Panalibe chimene ankayenera kuchita. Sakananama kwa munthu, sakanapereka chiphuphu, sakanagwira ndowa ya wina. Kungopita kushopu, kukagulitsa misomali, Lolemba n'kudzasaina. Galimoto ya boma sanaiphe ndi iwo. Chitsime sanakape ndi iwo. Anadziuza zonsezi kawiri, ndipo zonse zinali zoona. Koma pagalasi ankaona amayi aja akulowa m'mudzi mmodzimmodzi, akutula ndowa, akudziwongola misana. Masiku awiri a anthu amenewa anali pafupi kupita padera, ndipo wopindula anali iwo. Chimenecho chinawakanika kumeza.

Analiza injini. Mayi Benedicta sanadzutse n'komwe mutu, ankayesa munthu akupita kwawo.

Kalole kaja sikanathamangepo chotero chibadwire. Pa boma a Saidu sanaime pashopu, analunjika ku ofesi ya a Chipiliro, n'kuwapeza akulemba malipoti.

"Tengani zipangizo zanu, bwana. Galimoto ilipo, mafuta ndi anga. Koma tikafike 12 koloko isanakwane."

A Chipiliro anavula magalasi. Anali munthu woti waona eni migodi ambiri, ena obwera ndi mbuzi, ena obwera ndi maloya. "Bambo Saidu, changu n'chachiyani? Lolemba si kutali."

"Lolemba chitsime chidzakunamizani. Lero chinena zoona. Ndikufotokozerani m'njira."

Anawafotokozeradi m'njira, zonse, kuyambira pa kukapa kuja. A Chipiliro anamvetsera atagwira chikwama cha zipangizo pamiyendo kuti chisagwe m'mabampu. Ali pakati pa ulendo foni inalira. Anali a Limbani, amene winawake anali atawatsina kale khutu.

"Ba Saidu, nimvela ati mwanyamula uja wa boma mu motoka yanu? Mwafunta? Muzipaya mweka!" Ankatanthauza kuti a Saidu apenga, akudzipha okha.

"Ndikuyendetsa, achimwene. Tilankhulana."

"Nambala ikachoka pa 11, makina yanga siyibwela. Nikuuzani manje manje."

"Ndamva," anatero a Saidu, n'kudula foni. Asakunamizeni munthu kuti kuchita chilungamo kumakoma pochita. Iwo ankaopa, ndipo njira yonse ankapempha chamumtima kuti mwina mayi aja alakwitsa, mwina madzi akapezeka pa 12, ngakhale pa 11 pomwe, patsale kachigawo kokumba.

Anafika kutatsala mphindi khumi. Pansi pa mango paja panali patadzaza amayi, aliyense pafupi ndi ndowa yake, ndipo amuna anali ataima chapatali manja kumbuyo. Mayi Benedicta anali ataimirira kale, makiyi m'manja. Ataona amene akutsika m'lolemo, anagwira pakamwa. Anayang'ana a Saidu nthawi yaitali. Anagwada, anatsegula loko, ndipo amuna awiri anasuntha chivundikiro.

A Chipiliro anatulutsa tepi yawo yokhala ndi kachitsulo kunsonga, kamene kamalira kakakhudza madzi. Anayamba kutsitsa. Panali zii, ngakhale makanda anakhala ngati auzidwa. A Saidu ankawerenga manambala akudutsa pamlomo pa chitsime. Sikisi. Seveni. Eyiti. Anatseka maso.

Kachitsulo kanalira.

"Mamita 9," anatero a Chipiliro. Anakweza tepi, anaipukuta, anatsitsanso. Kanaliranso pomwepo. Anayeza kachitatu, n'kuitana mayi Benedicta ndi a Saidu kuti aone okha ndi maso awo. Nambala inali yomweyo.

A Chipiliro anakhala pasimenti, anatulutsa chikalata, analemba. Atamaliza analankhula motsitsa kuti amve a Saidu okha. "Malire ndi mamita 7, bambo. Dothi lanu likuyambira pa 8. Mukumvetsa tanthauzo lake?"

"Ndikumvetsa."

"Mukanakumba mpaka 11, mukanalowa m'madzi awa mamita awiri. Chitsime ichi sichikanaona chilimwe chachiwiri." A Chipiliro anawapatsa cholembera. "Ntchito ino ndagwira zaka zambiri. Sindinanyamulidwepo ndi mwini mgodi kuti ndikamutsekere mgodi wake."

A Saidu anayang'ana nambala ija. Shopu ya pa Kamwendo inali m'menemo, puloti ya ana inali m'menemo, zaka ziwiri za kuyenda m'maofesi zinali m'menemo. Zinawawa, zinawawa kwambiri, moti zilembo zinayamba kuoneka ziwiriziwiri. Foni inanjenjemera m'thumba, ndipo sanafunike kuiona kuti adziwe uthenga wake. Anatsamiritsa pepalalo pabondo n'kusaina dzina lawo lonse, mosathamanga.

Atadzutsa mutu anadabwa. Nthawi inali itapitirira 12 koloko, chitsime chinali chotsegula, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anasuntha. Amayi onse aja, ndi ludzu lawo la masiku awiri, anali ataima ndi ndowa zawo akuyang'ana iwo. A Lovemore anali atavula chipewa. Mayi Benedicta anali atagwira chidebe chotungira, misozi ikutsika mwakachetechete, osaipukuta.

"Bambo," anatero mayiwo, "takulandani."

"Simunandilande kanthu, mayi. Sichinali changa." Analoza chitsime. "Tungani. Anthu ali ndi ludzu."

Mayi Benedicta anaponya chidebe monga ankachitira masiku onse, akumasula chingwe mofulumira, thupi litazolowera ulendo wautali wopita pansi. Koma chidebe chinati phava pamadzi iwo asanayembekezere. Anaima, n'kuyang'ana pansi. Chingwe chambiri chinali chikadali chozengezana pasimenti, chouma, chitagona pamapazi pa a Saidu.